Kodi njira yophikira yodalirika mungaidziwe bwanji pa intaneti?

Funso: Ndimakonda kuyesa zakudya zatsopano, ndipo njira zophikira ndimazipeza pa intaneti. Koma keke ina yomwe ndaiyesa katatu konse yakhala ikuphwa pakati n'kukhala yosapsa mkati, ngakhale kuti ndimatsatira zonse zomwe zinalembedwa. Chithunzi chake chinali chokongola, ndipo anthu ambiri anaipatsa nyenyezi zisanu. Kodi vuto ndi ine kapena ndi njirayo? Nanga ndingadziwe bwanji njira yabwino ndisanawononge mazira, batala ndi shuga?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo pepani chifukwa cha zinthu zomwe zinawonongekazo. Keke ikalephereka katatu m'njira imodzimodziyo kwa munthu amene akutsatira malangizo mosamala, kawirikawiri pamakhala zifukwa ziwiri. Mwina njirayo inalembedwa ndi munthu amene sanaiyese mokwanira, kapena inalembedwa bwino ndithu koma miyezo yake ndi uvuni wake zikusiyana ndi zanu. Zonse ziwirizi zimaoneka munthu asanaswe dzira ngakhale limodzi, bola ngati akudziwa poyang'ana. Ine ndikamawerenga njira yophikira, funso lomwe limakhala m'mutu mwanga ndi limodzi: kodi wolembayu anaimadi pamoto n'kuphika chakudyachi kangapo? Munthu amene anaphikadi amasiya zizindikiro m'zolemba zake, ndipo zizindikirozo ndi zomwe ndikufuna kukusonyezani.

Poyamba muyenera kudziwa chifukwa chake njira yomwe imabwera pamwamba mukafufuza pa Google siikhala yabwino koposa nthawi zonse. Mawebusaiti ambiri a zophika amapeza ndalama kudzera m'malonda omwe amaoneka pambali pa nkhani, kotero chomwe amafunitsitsa n'chakuti anthu ambiri atsegule tsambalo ndipo akhalepo nthawi yaitali. Chithunzi chokopa, mutu wolonjeza kuti chakudya chipsa m'mphindi khumi, ndi nkhani yaitali yomwe muyenera kudutsa musanafike pa njira yeniyeniyo, zonsezi zimathandiza pa malonda. Makina ofufuzira amatha kuwerenga mawu ndi kuchuluka kwa anthu otsegula tsamba, koma satha kulawa keke. Komanso malamulo a umwini wa zolemba ku United States sateteza mndandanda wa zinthu zophikira pawokha, motero njira imodzi imakopedwa kuchoka pa webusaiti ina kupita pa ina, wina n'kusinthako mawu angapo. Cholakwika chikalowa pa kukopera koyamba, chimafalikira kwa onse otsatira, ndipo inu mukaona njira yofanana m'malo asanu mumaganiza kuti anthu asanu aitsimikizira, pamene mwina palibe ngakhale mmodzi amene anaiphika.

M'zaka zaposachedwapa vutoli lakula chifukwa cha mapulogalamu a AI (mapulogalamu a pakompyuta otsanzira nzeru za munthu), omwe amatha kulemba njira yophikira ndi kupanga chithunzi chake m'kamphindi. Mu 2024 mayankho a AI a Google analangiza anthu ena kuti aziika guluu mu msuzi wa pitsa n'cholinga choti tchizi asamasereke, ndipo zinadziwika kuti maganizowo anachokera pa nthabwala yakale yomwe munthu wina analemba pa Reddit, webusaiti yomwe anthu amachezerapo ndi kukambirana. Cholakwika chotere aliyense amachiona msanga. Choopsa kwambiri ndi njira yomwe imaoneka yabwinobwino, ziganizo zake zili zomveka, koma kuchuluka kwa madzi kapena kwa zofufumitsa kuli kongopeka. Mavidiyo afupiafupi nawonso amafuna kusamala, chifukwa n'kosavuta kudula vidiyo pakati n'kuonetsa chakudya china chomwe chinaphikidwa mwanjira ina. Ann Reardon, katswiri wa sayansi ya zakudya wa ku Australia, wakhala akuyesa mavidiyo otchuka otere pa tchanelo chake cha YouTube cha How To Cook That, ndipo waonetsa poyera kuti ambiri satheka, ena mpaka akhoza kuvulaza munthu.

Tsono chizindikiro choyamba cha njira yoyesedwa ndi chakuti imakuuzani zomwe muyenera kuona, kununkhiza kapena kukhudza, kuwonjezera pa nthawi. Wolemba amene anaphikadi sangonena kuti "phikani mphindi 30" n'kulekera pomwepo. Amanena kuti muphike mphindi 30 mpaka 35, kufikira m'mbali mwa keke mutayamba kulekana ndi chitini, pamwamba pakubwerera mukadina ndi chala, ndipo kamtengo kobaya pakati kakutuluka kopanda phala. Amalemba choncho chifukwa amadziwa kuti moto wake ndi wanu sungafanane. Ine ndimakonda kuyang'ana pomwe pali anyezi. Njira zambiri zimanena kuti mukazinge anyezi mphindi zisanu mpaka afiire bwino n'kutsekemera. Amene anachitapo zimenezi amadziwa kuti pa mphindi zisanu anyezi amakhala atangofewa n'kuyamba kuonekera mkati. Pa mphindi khumi ndi zisanu amayamba kuchita chikasu m'mbali, madzi ake akuphwa, ndipo kuti afike pofiira mofanana, ofewa ngati jamu, pamafunika mphindi 40 kapena kuposa pa moto wochepa, mukutakasa pafupipafupi. Wolemba akanama pa anyezi, ndimakayikiranso nthawi zina zonse zomwe walemba.

Chizindikiro china mumachipeza powerenga njira yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi musanayambe chilichonse, mukufananiza mndandanda wa zinthu ndi malangizo ake. Chinthu chilichonse chomwe chili pa mndandanda chiyenera kupezeka m'malangizo, ndipo chilichonse chotchulidwa m'malangizo chiyenera kukhala pa mndandanda. Mukapeza kuti mkaka walembedwa pamwamba koma sukutchulidwanso kuti ulowa nthawi yanji, dziwani kuti palibe munthu wachiwiri amene anatenga pepalalo n'kuphikira. Njira yabwino imatchulanso kukula kwa chitini kapena poto, kuchuluka kwa anthu omwe chakudyacho chingawakwanire, ndi momwe zinthu ziyenera kukhalira musanazigwiritse ntchito, monga ngati batala akhale wofewa kapena wosungunuka. Kusiyana kumeneku sikochepa ayi. Batala wofewa akamenyedwa pamodzi ndi shuga amasunga timpweya tomwe timakweza keke, pamene batala wosungunuka sangathe kutero.

Pa nkhani ya miyezo ndichedwapo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri osamala ngati inu amagwera popanda kulakwa kwawo. Njira zambiri za pa intaneti zimachokera ku America, komwe amayeza ndi makapu ndi masupuni, mwambo womwe unakhazikika kwambiri kuchokera pa buku la Fannie Farmer la mu 1896, lomwe linalimbikitsa kuyeza ndi kapu ndi supuni zosalazidwa pamwamba. Kapu ya ku America ndi pafupifupi mamililita 240, pamene kapu yomwe amagwiritsa ntchito ku Australia ndi New Zealand ndi mamililita 250, ndipo kapu yomwera tiyi ya m'nyumba mwanu ikhoza kusiyana ndi zonse ziwirizi. Supuni yaikulu m'maiko ambiri ndi mamililita 15, koma ku Australia ndi mamililita 20. Supuni yaing'ono ndi mamililita 5. Njira ya ku America ikanena za "stick" imodzi ya batala, ikutanthauza magalamu 113. Ngakhale mazira amasiyana, pakuti dzira lomwe ku America amati lalikulu limafanana ndi lomwe ku Britain amati lapakatikati.

Koma vuto lalikulu ndi ufa wa tirigu. Ndikamaphunzitsa anthu kuphika, ndimakonda kuika sikelo pa tebulo n'kupempha anthu atatu kuti aliyense ayeze kapu imodzi ya ufa. Woyamba amatapa ndi supuni pang'onopang'ono n'kusalaza pamwamba ndi mpeni, ndipo sikelo imaonetsa pafupifupi magalamu 120. Wachiwiri amamiza kapu m'thumba n'kusalaza, ndipo amapeza pafupifupi magalamu 140. Wachitatu amamiza, kugwedeza ndi kutsindira, ndipo amadutsa magalamu 150. Onse atatu ayeza kapu imodzi moona mtima, koma akanaphika keke zitatu zosiyana. Ndiye chifukwa chake pa zophika za mu uvuni ndimasankha njira yolembedwa m'magalamu, ndipo ndimalangiza aliyense kuti akhale ndi kasikelo ka m'khitchini. Wolemba amene wapereka magalamu wasonyeza kuti anayezadi ndipo akufuna kuti inu mupeze zomwe iye anapeza. Ngati njira yomwe mwaikonda ili m'makapu okha, fufuzani ngati wolembayo wanena momwe amayezera ufa, chifukwa olemba osamala amanena.

Mchere ndi zofufumitsa zimafunanso diso. Ophika ambiri a ku America amagwiritsa ntchito mchere womwe amautcha kosher, womwe timibulu take ndi tatikulu ndi topepuka, moti supuni imodzi ya mtundu wa Diamond Crystal imalemera pafupifupi theka la supuni ya mchere wosalala wa pa tebulo. Mukatsatira muyezo wawo ndi mchere wosalala, chakudya chimawawa mchere. Soda ndi baking powder nazonso ndi zinthu ziwiri zosiyana. Soda amafuna chinthu chowawasa monga mandimu, viniga kapena yogati kuti agwire ntchito, ndipo mphamvu yake imaposa ya baking powder katatu kapena kanayi, pamene baking powder imakhala kale ndi chowawasa chake mkati. Onaninso ngati ufa womwe ukunenedwa ndi wamba kapena ndi uja woikidwa kale zofufumitsa, womwe pa paketi amalemba kuti "self-raising", chifukwa mukasokoneza awiriwa mumakhala mutaika zofufumitsa kawiri kapena simunaike n'komwe.

Uvuni ndi chitini ndizinena mwachidule. Madigiri 350 a Fahrenheit, muyezo wa kutentha womwe amagwiritsa ntchito ku America, ndi pafupifupi 180 a Celsius, ndipo 400 ndi pafupifupi 200. Uvuni wokhala ndi fani mumauchepetsa ndi madigiri 20 a Celsius poyerekeza ndi wopanda fani. Mauvuni ambiri a m'nyumba satentha molingana ndi nambala yolembedwa pa chopotokola, choncho kachipangizo koyezera kutentha koika mkati kamathandiza kwambiri. Chitini chozungulira cha masentimita 23 chili ndi malo ochuluka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuposa cha masentimita 20, kotero phala loyenera chitini chachikulucho likathiridwa m'chaching'ono limakhala lakuya, kunja kumapsa mkati musanapse. Ngati mumakhala kumalo okwera, dziwaninso kuti madzi amawira pa kutentha kotsika, pafupifupi madigiri 95 pa mtunda wa mamita 1,500, ndipo keke imafufuma mofulumira kuposa momwe imafufumira kumalo otsika, zomwe zimachititsa kuti igwe mosavuta.

Pali chizolowezi china chomwe chimandithandiza kwambiri, ndicho kutsegula njira zitatu kapena zinayi za chakudya chimodzimodzi, zochokera kwa olemba osiyana, n'kuziyerekeza. Zakudya zambiri zili ndi magawo ake odziwika. Buledi wamba amafuna madzi olemera pafupifupi magawo 60 mpaka 70 pa magawo 100 aliwonse a ufa, ndi mchere pafupifupi magawo awiri. Keke yachikale ya batala imakhala ndi ufa, shuga, batala ndi mazira zolemera mofanana. Pa magalamu 125 aliwonse a ufa, keke zambiri zimafuna supuni yaing'ono imodzi ya baking powder kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ngati ndi soda, kota chabe ya supuni yaing'ono. Njira imodzi ikasiyana kutali ndi zinzake popanda wolemba kufotokoza chifukwa, pamenepo pali cholakwika. Ineyo ndinaonapo keke ya ophunzira anga ikufufuma mpaka kusefukira m'chitini, kenako n'kugwa pakati n'kumamveka kuwawa ngati sopo, ndipo titabwerera ku tsamba lomwe tinatengako njirayo tinapeza kuti pomwe panayenera kulembedwa "tsp", kutanthauza supuni yaing'ono, panalembedwa "tbsp", kutanthauza yaikulu. Chilembo chimodzi chokha chinachulukitsa soda katatu.

Mwatchula nyenyezi zisanu, ndipo apa ndikupemphani kuti muzitsika pansi n'kuwerenga zomwe anthuwo alembadi. Ambiri amapereka nyenyezi asanaphike, akungoyamikira chithunzi n'kunena kuti ayesa mawa. Ena amapereka nyenyezi zisanu atasintha theka la zinthu zomwe zinalembedwa, ndiye kuti akuyamikira chakudya chawochawo. Ndemanga zothandiza ndi za anthu omwe akufotokoza zomwe zinachitika m'khitchini mwawo, ndipo kawirikawiri zimapezeka pakati pa omwe apereka nyenyezi zitatu kapena zinayi. Anthu asanu osadziwana akanena kuti keke inafuna mphindi khumi zowonjezera kapena kuti shuga anachuluka, akhulupirireni. Onaninso ngati wolemba amayankha mafunso ndi kukonza zolakwika akauzidwa, chifukwa munthu amene amabwerera ku ntchito yake mwanjira imeneyi ndi woyenera kumusunga.

Mungafune kudziwa koyambira. Pali malo omwe ali ndi makhitchini oyesera ndi akonzi owerenga njira isanatuluke. Magazini ya Good Food ya ku Britain, yomwe inayamba mu 1989 pansi pa dzina la BBC, imalemba m'magalamu ndipo imapereka kutentha kwa uvuni wa fani ndi wopanda fani. King Arthur Baking ya ku Vermont, ku America, ndi yodalirika pa buledi ndi makeke, ndipo ili ndi tchati chosonyeza kulemera kwa kapu ya zinthu zosiyanasiyana. Serious Eats, yomwe inayamba mu 2006, imakonda kufotokoza chifukwa chomwe njira imagwirira ntchito, ndipo ndi yabwino kwa amene akufuna kumvetsa. America's Test Kitchen ndi NYT Cooking zimayesanso mosamala, koma zambiri zake zimafuna kulipira. Allrecipes, yomwe inayamba mu 1997, ndi yosiyana, chifukwa njira zake zambiri zimatumizidwa ndi ophika a m'nyumba, motero mphamvu yake ili m'ndemanga zambirimbiri za omwe anaphikadi. Sindikunena kuti olemba odziimira paokha ndi osadalirika. Ena mwa iwo ndi osamala kuposa makampani akuluakulu, makamaka pa zakudya za kwawo zomwe anakula akudya, ndipo mukafuna chakudya cha dziko linalake ndi bwino kufunafuna wolemba wa dzikolo. Chofunika n'chakuti akhale munthu wodziwika dzina, amene wakhala akulemba kwa nthawi, ndipo zithunzi zake zikuonetsa magawo a ntchito m'khitchini imodzimodzi. Muyeseni poyamba pa chakudya chosavuta chomwe mumachidziwa kale kakomedwe kake. Akakhoza kawiri kapena katatu, m'sungeni, ndipo pakapita nthawi mudzakhala ndi olemba anayi kapena asanu oti muzipitako mwachindunji osayambanso kufufuza mwachisawawa.

Pa nkhani ya chitetezo cha chakudya ndikufuna kulankhula mosabisa, chifukwa keke yogwa imangotayitsa ndalama koma zolakwika zina zimadwalitsa banja. Nkhuku imakhala yapsa bwino mkati mwake mukafika madigiri 74 a Celsius, ndipo nyama yogaya ya ng'ombe imafuna madigiri 71. Mabungwe oona za chitetezo cha zakudya ku America ndi ku Britain amalangiza kuti nkhuku yaiwisi isatsukidwe, chifukwa madzi othovukira amamwaza mabakiteriya pa ziwiya ndi pa tebulo, pamene kutentha kwa moto ndi komwe kumawapha. Nyemba zofiira zouma zili ndi poizoni wachilengedwe yemwe amatha pokhapokha zitawira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera khumi, choncho njira iliyonse yokuuzani kuti muziike zosawiritsa m'poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono ndi yoopsa. Mpunga wophika usakhale panja nthawi yaitali, uzizizitsidwa msanga n'kulowa m'firiji. Ndipo pa kusunga ndiwo zamasamba kapena nyama m'mabotolo otseka, kapena adyo m'mafuta, musatengere vidiyo ya munthu wosadziwika, chifukwa bakiteriya ya Clostridium botulinum imakula m'malo opanda mpweya ndi osawawasa, ndipo kuwiritsa botolo m'madzi wamba sikupha mbewu zake. Pa zimenezi tsatirani malangizo a mabungwe a zaumoyo okha.

Tibwerere tsopano ku keke yanu. Tengani njira ija muwerenge kuchuluka kwa ufa ndi kwa zofufumitsa, n'kuyerekeza ndi muyezo womwe ndatchula uja. Ngati zofufumitsa zapitirira kwambiri, vuto mwalipeza, chifukwa keke yotere imakwera msanga phala lisanalimbe, kenako imagwa pakati. Ngati muyezo uli bwino, yezani chitini chanu ndi rula muone ngati chikufanana ndi chomwe chinalembedwa, ndipo onetsetsani kutentha kwenikweni kwa uvuni wanu, pakuti uvuni wotentha kwambiri umafiiritsa pamwamba mkati mudakali phala, n'kukunyengani kuti muitulutse isanapse. Yesaninso baking powder yanu poika theka la supuni yaing'ono m'madzi otentha: ikachita thovu nthawi yomweyo ndiye kuti idakali ndi mphamvu. Musatsegule chitseko cha uvuni kufikira magawo atatu mwa anayi a nthawi atadutsa. Ngati njirayo siinatchule kukula kwa chitini, ilibe magalamu, ndipo siinakuuzeni momwe keke yakupsa imaonekera, isiyeni mutenge ina kwa mmodzi mwa olemba oyesa ntchito yawo. Ulendo woyamba iphikeni ndendende momwe yalembedwera, osasintha kanthu, ndipo mukhale ndi kabuku pafupi kolembamo kulemera kwa ufa womwe mwayeza, chitini chomwe mwagwiritsa ntchito, shelefu yomwe mwaikapo, ndi mphindi zenizeni zomwe keke yatenga mu uvuni wanu. Ulendo wachiwiri, ngati pali chofunika kusintha, sinthani chinthu chimodzi chokha n'kulembanso zomwe zatuluka.